Mutu 7: Belu la pa Tebulo Lomaliza

1. Mvumbi pa Thika Road

Mvula inayamba kusanache. Sinali ya mabingu ayi. Unali mvumbi wa tsiku lonse, uja umanyowetsa munthu mpaka malaya amkati iye asanazindikire. Linali Loweruka, mwezi wa Epulo, chaka cha 2004, ndipo Nairobi yense anali mbuu ndi nkhungu.

Kingston Chiwaula anaima pa siteji ya matatu, maminibasi a ku Kenya, ku Kahawa atafunda jekete kumutu. Anali m'chaka chachiwiri pa yunivesite, ndipo ankaphunzira masamu.

Tsiku limenelo anali ndi ntchito imodzi yokha. Mlongo wake wamng'ono, Tionenji, ankafika pa basi 4 koloko madzulo kudzayamba sukulu ya unamwino. Anali atayenda masiku atatu kuchokera ku Kasungu, kudzera ku Tanzania. Aka kanali koyamba kutuluka m'Malawi. Analibe foni, Chiswahili sankachidziwa, ndipo mumzinda wonsewo ankadziwa munthu mmodzi basi.

Mayi awo anali ataimba foni Lachitatu. "Ukamuchingamire wekha," anatero. "Usatume munthu. Akamatsika basi akuone uli chilili pakhomo."

Kingston analonjeza.

Galimoto yoyera ya bungwe inaima pafupi naye, ndipo galasi linatsika. Anali a Ambrose, Mmalawi wachikulire amene anagwira ntchito ya udalaivala ku Nairobi zaka zambiri. Ana asukulu onse a ku Malawi ankawatcha ankolo.

"Mwadzuka bwanji, ankolo?"

"Ndadzuka. Lowa, ukunyowa. Ukupita kuti?"

"Ku Parklands."

"Basi ya mlongo wako imafikira ku River Road. Ku Parklands kuli chiyani?"

Kingston anayang'ana pansi. Pomaliza ananena. Ku hositelo ankasewera poka, juga ya makhadi, ndi anzake, akumaika timitengo ta machesi m'malo mwa ndalama, ndipo palibe ankamugonjetsa. Mbiri yake inafika kwa a Lawson, Mmalawi wina wochita malonda mumzindamo. A Lawsonwo anamupezera mpando pa mpikisano wa poka womwe unkayamba 10 koloko m'mawa umenewo.

"Ndikangosewera pang'ono, ankolo. Pofika 3 koloko ndikhala nditatuluka."

A Ambrose anayendetsa galimoto mpaka kudutsa Githurai, mawaipa akulira pagalasi.

2. Mawu a ankolo

"Pamwamba pa sitolo ya nsalu," anatero a Ambrose kenako. "Masitepe ake ndi khumi ndi asanu ndi anayi. Chitseko chobiriwira."

"Mumadziwako?"

"Tamvera, chifukwa sindibwereza. Mpikisano wa poka suli ngati za ku hositelo zija, zoti ukatopa umangoti anyamata ndikagone. Aliyense amayamba ndi matchipisi ofanana, timapulasitiki tozungulira ngati mabatani. Ako akatha, watuluka. Asanathe, sutuluka. Poyamba masewera amakhala ozizira. Umadikira makhadi abwino, oipa umataya, palibe chokupweteka.

"Koma pali msonkho. Ulendo uliwonse akamagawa, anthu awiri amaika matchipisi pakati asanaone n'komwe makhadi awo, ndipo msonkhowo umazungulira tebulo. Belu likalira, msonkho umakwera. Likaliranso, umakweranso. Ndiye chakumapeto, wongokhala phee amadyeka ali moyo. Amene watsala ndi matchipisi ochepa amakhala ndi njira ziwiri zokha, kukankha zonse kapena kutaya makhadi. Zapakatikati kulibe.

"Mphoto amalandira atatu okha. Mukatsala anayi kapena asanu, udzaona anthu akuluakulu akunjenjemera. Palibe amafuna kukhala womaliza kutuluka chimanjamanja. Nthawi imeneyo wopanda mantha amangotola msonkho wa anzake, ngakhale makhadi ake akhale achabe. Ndipo sulimbana ndi amene ali ndi mulu woposa wako. Umafinya apakati, amene ali ndi chotaya."

Kingston anamwetulira. "Ndiye ndinu katswiri, ankolo."

"Ndinali katswiri. N'chifukwa chake ndikukuuza kuti usakwere masitepe amenewo."

A Ambrose anadikira lole kuti idutse.

"Mu 1997 akazi anga, azakhali ako a Flossie, anagonekedwa m'chipatala, ku Parklands komweko. Kuchokera pachitseko chobiriwira kukafika pabedi lawo ndi mphindi zisanu kuyenda pansi. Ndinawauza kuti ndikukagula malalanje. Ndinati ndingosewera pang'ono, monga wanenera iwemu. Tsiku limenelo makhadi anandikonda. Ndinali ndi mulu waukulu kuposa wina aliyense. Pamene ndinkatsika, bedi linali litayalulidwa kale. Anamwino anati a Flossie anandifunsa katatu asanamwalire.

"Anthu amaganiza kuti choopsa pa juga n'kuluza. Woluza amapita kwawo, mwana wanga. Wopambana ndiye amatsala. M'chipinda chimenecho mulibe windo, mulibe wotchi. Muli belu lokha, ndipo belulo siliwerengera iwe nthawi. Limawerengera eni nyumba.

"Ine ndikupita ku Nakuru ndi antchito anzanga, ndibwera mawa. Ndikanakhalapo ndikanakamutenga ndekha mwanayo. Lero ali ndi iwe basi. Ndikutsitse m'tauni ukamudikire?"

"A Lawson anditchula kale kwa eni ake. Sindingawachititse manyazi."

"Ndiye ukawauze pakhomo pomwepo kuti sukwanitsa."

"Ndi akuluakulu, ankolo. Ndingawauze bwanji?"

A Ambrose anaimitsa galimoto pamphambano ya ku Parklands. Sanatsanzike. Anangotambasula dzanja n'kumutsegulira chitseko.

3. Chitseko chobiriwira

A Lawson ankamudikira pamwamba pa masitepe. Anali munthu wamfupi, wa suti yotuwa, wonunkhira mafuta odula, ndipo polankhula ankagwira munthu paphewa.

"Mfana wanga! Katswiri wa ku Kahawa! Ndimati mvula yakudya. Lowa, lowa, achina mzee, akuluakulu a muno, akudikira kuona ubongo wa ku Malawi."

Pakhomo panali mlonda wamtali wosaseka. Anatambasula envulopu yakhaki.

"Simu. Saa," anatero.

Kingston anaikamo foni ndi wotchi yake. Mlondayo anamata envulopuyo n'kulembapo nambala 23.

Chipindacho chinali chachitali, chozizira, cha makoma opanda chithunzi. Munali matebulo asanu okutidwa ndi nsalu yobiriwira, lililonse ndi getsi lake lolendewera pafupi. Kunja kwa kuwala kwa magetsiwo kunali mdima. Phokoso la mvula silinkamveka. Chomwe chinkamveka chinali kulira kwa matchipisi m'zala za anthu makumi atatu, ngati chiswe chikudya denga.

Wogawa makhadi wamkulu, bambo woonda wa magalasi, analengeza m'Chingerezi kuti belu lizilira mphindi makumi awiri zilizonse.

Kingston anawerengera msanga. Mabelu atatu, ola limodzi. Wotchi sinali yofunika.

Masewera anayamba. Aliyense ankalandira makhadi awiri obisika, ndipo ena asanu ankavundukulidwa pakati. Kingston anasewera modekha. Makhadi oipa ankataya, abwino ankalowa nawo mwamphamvu. Belu likalira ankakanda kamzere ndi chikhadabo pamphepete pa tebulo.

Munthu woyamba kutuluka anali mnyamata wa tayi yofiira. Anaimirira, ndipo mlonda anamutulutsira pa kachitseko kakumbuyo. Kenako mlondayo anabwerera, nanyamula mpando wa mnyamatayo, n'kukauika kumdima utayang'ana kukhoma.

Anachita chimodzimodzi ndi wachiwiri, ndi wachitatu.

Pofika belu lachikhumi ndi chiwiri, mipando makumi awiri ndi inayi inali itandandalikidwa m'mbali mwa chipinda, yonse itafulatira anthu. Magetsi a matebulo anayi anali atazimitsidwa. Anatsala osewera asanu ndi mmodzi, ndipo Kingston anali mmodzi wa iwo.

Mizere yake inkati ndi 2 koloko.

4. Njira yaulemu

Anawapatsa mphindi zochepa zopuma ndi tiyi wa mkaka. Kingston anapita kwa a Lawson atagwira kapu ndi manja awiri.

"Bwana, pepani, ndili ndi kavuto pang'ono."

"Vuto lanji pa tebulo lomaliza?"

"Mlongo wanga akufika 4 koloko. Ndimaganiza ngati n'kotheka..."

"Aa, mfana, basi za ku Tanzania zinafikapo nthawi yake liti? Ndi mvula imeneyi? Ikafika 7 koloko uthokoze Mulungu." A Lawson anaseka n'kumufinya phewa. Kenako anatsitsa mawu. "Ukuwaona anthu awa? Amati Mmalawi amangodziwa kunena zikomo ndi pepani. Ine ndinawauza kuti ndibweretsa wanga. Usandivule pamaso pawo."

"Ayi, bwana."

"Eya. Ndiwe mwana woleredwa bwino."

Kingston analeredwadi bwino. Kwawo mwana sankauza wamkulu kuti ayi akumuyang'ana m'maso. Ankavomera, kenako n'kupeza njira yofewa yoti chinthucho chilephereke chokha, popanda wochita manyazi.

Njirayo anaipeza akubwerera pampando. Ngati sakanatha kuimirira yekha, akanatha kuluza. Woluza palibe amamuimba mlandu. Akanangokankha matchipisi onse ndi makhadi achabe, wina n'kumudya, iye n'kupepesa kwa a Lawson, n'kutsika masitepe nthawi ikadalipo.

A Lawson anakoka mpando n'kukhala kumbuyo kwake, m'mdima.

Kumanzere kwa Kingston kunali mayi wachikulire wa mphete zambiri. Kutsogolo kwake kunali bambo wa chipewa chakuda amene sanalankhulepo chiyambire m'mawa. Ena atatuwo anali ndi milu yaing'ono ndipo ankaiteteza ndi zikhatho.

Makhadi anagawidwa. Kingston anasuzumira. Seveni ndi thuu, makhadi onyozeka kuposa onse.

"All in," anatero, nakankha mulu wake wonse pakati.

Mayi wa mphete anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anataya makhadi ake. Wachipewa anataya. Onse anataya. Wogawa anakankhira msonkho wonse kwa Kingston.

Ulendo wotsatira anapeza naini ndi fili. Anakankhanso zonse. Anatayanso onse.

Kachitatu anakankha osayang'ana n'komwe makhadi.

"Huyu kijana," anang'ung'udza mayi uja m'Chiswahili, kudandaula za mnyamatayo, akupukusa mutu. Anali ndi makhadi abwino, zinkaoneka m'mene ankawagwirira. Koma mphoto zinali zitatu, osewera asanu ndi mmodzi, ndipo mulu wa Kingston unali utaposa wake. Anataya.

Belu linalira. Kingston anakanda mzere.

5. Makhadi akana kumumasula

Pomaliza wina anavomera. Anali mmodzi wa a milu yaing'ono aja, bambo wa thukuta pamphumi, amene msonkho unali utatsala pang'ono kumumaliza. Anavundukula makwini awiri. Kingston anavundukula eyiti ndi folo, ndipo mtima wake unapepuka. Ankayembekeza kuti mulu wake uyamba kugumuka.

Wogawa anaika makhadi atatu pakati. Panali folo. Anaika lachinayi. Panalibe kanthu. Anaika lachisanu.

Folo winanso. Mafolo atatu ankaposa makwini awiri.

Bambo uja anayang'ana makhadiwo ngati akuwerenga kalata ya maliro. Mlonda anabwera. Mpando unapita kukhoma.

"Ndinakuuzani!" anafuula a Lawson kumbuyo. "Mfana ameneyu ali ndi mankhwala m'thumba!"

Palibe anaseka.

Belu linalira kachiwiri. Wina anatuluka. Anatsala anayi, ndipo chipinda chinazizira kwambiri. Tsopano aliyense ankadziwa kuti wotuluka wotsatira apita chimanjamanja, otsalawo alandira mphoto. Atatu enawo ankangoyang'anana, aliyense kudikira kuti mnzake afe kaye. Ankataya makhadi, n'kutayanso, msonkho ukuwadya pang'onopang'ono, ndipo wonse unkapita kwa Kingston.

Mulu wake unakula mpaka anayamba kuusanja m'mizere iwiri. Matchipisi anali osalala, ofunda, ndipo ankalowa bwino pakati pa zala.

Belu lachitatu linalira, lachinayi linaliranso.

Penapake pakati pa mabelu amenewo, Kingston anasiya kukankha mwachisawawa. Anayamba kusuzumira makhadi mosamala. Anaona kuti wachipewa akakhala ndi makhadi ofooka amagwira mlomo wa chipewa chake. Anaona kuti mayi wa mphete amaopa mulu waukulu koma amaluma waung'ono. Anayamba kufinya wapakati, n'kumapewa kulimbana popanda chifukwa. Ulendo wina anapeza seveni ndi thuu, ndipo anawataya.

Wachinayi anatuluka. Anatsala atatu: Kingston, mayi uja, ndi wachipewa.

Belu lachisanu linalira. Kingston anakanda mzere n'kuwerenga. Inali 3:40. Akanatha kusewerako kawiri kapena katatu, n'kuthamanga.

Nthawi yomweyo mlonda anatsegula chitseko chobiriwira kuti wa tiyi atulutse makapu. Pamasitepe panali kawindo kakang'ono. Kingston anaona kunja kwa kamphindi chabe. Kumwamba kunali kwakuda bii, ndipo mumsewu munali mzere wautali wa magalimoto oyatsa nyali.

"Pepani," anafunsa wogawa wa magalasi uja m'Chingerezi. "Nthawi ili bwanji?"

"Muno sitinena nthawi."

"Belu limalira mphindi makumi awiri zilizonse, si choncho?"

"M'matebulo oyamba," anayankha wogawayo, akusakaniza makhadi osamuyang'ana. "Pa tebulo lomaliza ndi mphindi makumi anayi. Aliyense amadziwa."

Kingston sanafunike pepala. Inali 5:20.

6. Mpando wosatembenuzidwa

Makhadi awiri anatera patsogolo pake. Sanawakhudze. Anakankhira mpando kumbuyo n'kuimirira.

Dzanja la a Lawson linafika paphewa pake.

"Chimbudzi chidikire, mfana. Khala pansi."

"Ndikupita, bwana."

"Ukupita kuti? Taona mulu wakowo! Awiriwa atha kale. Theka la ola, ndiwe mfumu ya nyumba ino."

"Mlongo wanga ali pa siteji."

"Ndakuuza kuti basi imachedwa. Ndipo muno mphoto amapatsa munthu amene ali pampando. Ukatuluka, palibe chako. Ukundimva? Iwe, ndikulankhula nawe ine! Kwanu anakuphunzitsa kufulatira akulu?"

Kingston anapinda mawondo pang'ono monga amachitira mwana pamaso pa wamkulu, koma maso sanatsitse.

"Ayi, bwana. Sindikhala. Pepani."

Mayi wa mphete anasiya kuseweretsa matchipisi ake. Wachipewa anakweza mutu koyamba tsiku lonselo. Maso ake anali ofiira, ouma, ngati a munthu amene sanagone zaka.

A Lawson anachotsa dzanja pang'onopang'ono. Atalankhulanso, mawu awo anali ofatsa, ndipo ankamwetulira.

"Chabwino. Pita. Koma tayang'ana." Analoza mipando ya kukhoma. "Onsewo analuza. Amenewo tathana nawo. Wako sitiutembenuza, chifukwa iwe sunaluze. Ukhala pomwepo. Amene wachoka ali pamwamba amabwera yekha, sitichita kumuitana."

Mlonda anamupatsa envulopu ya nambala 23. Ali pakhomo, Kingston anacheuka. Wogawa anali atatenga makhadi ake osavundukulidwa aja, natapa msonkho pamulu wake, ndipo ankagawanso. Khadi limodzi kwa mayi, limodzi kwa wachipewa, limodzi kwa mpando wopanda munthu.

Anatsika masitepe awiriawiri.

7. Benchi ya ku River Road

Matatu onse anali odzaza, ndipo amene anamutenga anaima pa Ngara osasuntha. Kondakitala ankangoti, "Jam, boss, jam." Kingston anatsika n'kuyamba kuthamanga m'matope, akuzemba ngolo ndi maambulera.

Anafika pa ofesi ya basi magetsi a m'masitolo atayaka kale. Basi yochokera ku Arusha, ku Tanzania, inali pakhomo, yopanda munthu, injini yake itazizira. Mkati mwa ofesi munali benchi yaitali, ndipo panalibe wokhalapo. Pansi pake panali kadziwe ka madzi odontha kuchokera ku chikwama chomwe sichinaliponso.

Kalaliki wamkazi ankatseka kawindo ka matikiti.

"Pepani, mayi. Basi iyi yafika nthawi yanji?"

"4 koloko ndendende. Lero msewu wa ku Namanga unali wabwino."

"Munali mtsikana wochokera ku Malawi. Wamfupi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chiswahili sadziwa."

"Wa chikwama chamizere ndi juzi yachikasu?" Kalalikiyo analoza benchi. "Anakhala apo maola awiri. Ndinamupatsa tiyi, anakana. Chitseko chikangotseguka ankaimirira. Ndiwe mchimwene wake? Unali kuti?"

"Ali kuti tsopano?" anafunsa Kingston.

"Wapita. Sipanathe theka la ola. Kunabwera bambo wina, anamulankhula chinenero chanu, anamutchula ndi dzina lomwe. Anandiuza kuti watumidwa ndi iwe."

"Ine sindinatume munthu."

Kalalikiyo anaima loko ali m'manja. Anamuyang'ana, kenako anayang'ana pakhomo.

"Poyamba mtsikanayo anakana," anatero motsitsa mawu. "Anandiuza m'Chingerezi kuti amayi ake anamuuza kuti adikire mchimwene wake yekha. Koma kunja kunkada, ndipo ine ndinali nditamuuza kuti ndikutseka. Bamboyo ananyamula chikwama n'kuyamba kuyenda. Iye anamutsatira."

"Anaoneka bwanji? Analowera kuti?"

"Anali ndi ambulera, nkhope sindinaione bwino. Anatsikira kumunsi uko, kokwerera matatu a ku Eastleigh."

Kingston anang'amba envulopu, natulutsa foni n'kuiyatsa. Panalibe uthenga uliwonse. Anaiika m'thumba, anatuluka pamvula, ndipo anayamba kutsika River Road khomo ndi khomo, akufunsa aliyense za mtsikana wa juzi yachikasu.